Anavulala m'mutu, koma tinalimbana ndi magazi ndi impso

Mlongo wanga wamng'ono ankayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu muno mu Chipata. Dzinja lapitali anawombana ndi galimoto pa msewu wa ku Lundazi, chakumadzulo, akuchokera kokatula munthu. Helemeti anavala koma lamba wake sanamange, ndiye inavuka iye asanafike pansi. Mutu unamenya phula, njinga n'kumupsinja ntchafu. Lero ali moyo, akuyenda ndipo akulankhula. Ndalemba izi chifukwa nthawi yonse imene ndinamudwazika, ife abale maso athu anali pa mutu basi, pomwe zimene zinatsala pang'ono kumutenga zinali zina ziwiri: magazi ake anasiya kuundana bwino, kenako impso zinafooka. Zonsezi zili ndi zizindikiro zimene wodwazika matenda angaone ndi maso ake n'kuuza anesi nthawi ikadalipo.

Atagwa anakomoka kanthawi, kenako n'kutsitsimuka. Anzake a pa siteji anamudzutsa, iye n'kuwauza kuti asamutengere kuchipatala. Ankaopa kuti nkhani ifika kupolisi, njinga ya eni ake n'kugwidwa. Anapita naye kunyumba. Pamene mlamu wanga amandiimbira foni, mwamuna wake anali atasanza kawiri ndipo ankangofuna kugona. Ndinamupeza ali pamphasa, mwendo utatupa, koma akundizindikira.

"Asisi, musavutike, ndangodzipweteka pang'ono. Ndikagona ndidzuka bwino," anatero.

Mawu amenewa ndi amene amanyenga mabanja ambiri. Munthu akhoza kumenyetsa mutu, n'kudzuka, n'kucheza bwinobwino kwa maola angapo, magazi akudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Chigaza sichifutukuka. Magazi akachuluka amayamba kupanikiza ubongo, ndipo munthu uja amayamba kuwodzera, kusanza mobwerezabwereza, kulankhula zosagwirizana, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena kuphupha ngati wakhunyu. Ena mumaona kamwana ka diso limodzi katakula kuposa kinzake, ena magazi kapena timadzi toyera tikutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kunyamuka usiku womwewo. Za apolisi ndi za mwini njinga zimakambidwa mawa, munthu ali m'manja mwa madokotala.

Tinapeza galimoto ya aneba n'kuthamangira kuchipatala. Kumeneko adokotala anamutsina, anamuitana dzina, anamuuza kuti akweze dzanja, n'kulemba nambala pa fayelo. Nambala imeneyi ndi ya muyezo wa Glasgow, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1974, ndipo umayambira pa 3 kufika pa 15. Amaona ngati munthu akutsegula maso, akuyankha ndi mawu, ndiponso ngati akusuntha ziwalo akauzidwa. Wa 13 mpaka 15 wavulala pang'ono, wa 9 mpaka 12 wavulala pakatikati, ndipo wa 8 kutsika m'munsi wavulala kwambiri. Mlongo wanga anamulembera 11. Muzifunsa nambala imeneyi ndi kuisunga, chifukwa ikamatsika ndiye kuti zinthu m'mutu zikuipa.

Adokotala anafunsa kuti ngoziyo yachitika nthawi yanji. Titawauza, anapukusa mutu. Anati pali jakisoni wotchedwa tranexamic acid, yemweyo amene amabaya amayi otaya magazi ambiri pobereka, amene amathandiza kuti magazi amene aundana pabala asasungunuke msanga. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH-3, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019 ndipo anakhudza odwala opitirira 12,000 m'mayiko 29, anapeza kuti jakisoniyu amachepetsa imfa mwa anthu ovulala m'mutu pang'ono kapena pakatikati, bola aperekedwe pasanathe maola atatu chichitikire ngozi. Ife maola atatuwo anali atathera pamphasa kunyumba.

Sikani inaonetsa kuti panali magazi pang'ono pansi pa chigaza ndi malo ena pamene ubongo unasupuka. Anati n'zosafunika opaleshoni pa nthawiyo, koma amuyang'anira. Mitima inakhalako pansi. M'mawa mwake ndi pamene ndinaona chinthu chachilendo. Pamene anamubaya diripi padzanja, thonje linali litanyowa magazi. Anesi anasintha, posakhalitsa linanyowanso. Bala la pachipumi limene anasoka usiku linkangochucha, bandeji n'kufiira. Pomupukuta m'kamwa ndi kansalu, kansaluko kanatuluka ndi magazi a m'nkhama. Pamkono pamene amamangapo chopimira BP panatsala mkwingwirima waukulu wakuda. Ndinaitana anesi n'kuwaonetsa zonse zitatu pamodzi, ndipo iwo sanachedwe, anapita kukaitana adokotala.

Adokotala aja anali munthu wofatsa, ndipo anandifotokozera titaima m'khonde. Anati muubongo muli chinthu chambiri chimene ntchito yake ndi kuyambitsa magazi kuundana. Ubongo ukavulala, chinthucho chimatayikira m'magazi, ndiye thupi limayamba kuundanitsa magazi paliponse, ngakhale pamene palibe bala. Pochita zimenezi limamaliza zipangizo zake zonse zotsekera mabala.

"Amayi, zili ngati mudzi wonse wathamangira kukazima moto ndi madzi onse a m'mitsuko. Moto wina ukabuka kuseri, madzi palibe," anatero.

Pamwamba pa apo thupi limayambanso kusungunula mofulumira magazi ochepa amene aundana. Ndiye munthu amene dzulo magazi ake anali abwinobwino, lero pobaya singano sipakutsekeka. Choopsa sichili pa thonje lonyowalo ayi. Zimene zikuchitika padzanja zikuchitikanso m'mutu, ndipo magazi aja amene sikani inaonetsa kuti ndi ochepa akhoza kuchuluka. Mwa anthu ovulala kwambiri m'mutu, pafupifupi mmodzi mwa atatu amakumana ndi vuto limeneli, kawirikawiri m'maola ndi masiku oyambirira.

Anatenga magazi kukapima. Pa pepala la zotsatira ndinaphunzira kuyang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi mapulateleti, tizidutswa ta m'magazi timene timathamangira kukamata pabala. Mwa munthu wabwino nambala yake imakhala pakati pa 150 ndi 450. Chachiwiri ndi INR, imene imasonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana. Ya munthu wabwino imakhala cha pa 1, ndipo ikamakwera ndiye kuti magazi akuchedwa kugwirana. Mapulateleti a mlongo wanga anali atatsika kufika pansi pa 100, INR itakwera.

Kenako adokotala anafunsa funso limene ndikufuna aliyense alikonzekere: kodi wodwalayu amamwa mankhwala anji masiku onse? Ine ndinati palibe. Mlamu wanga anakhala chete pang'ono, kenako n'kunena kuti mwamuna wake ankagula diclofenac pa kantemba pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha msana, poti kukhala panjinga kuyambira m'mamawa mpaka usiku m'misewu yathu ya mabampu kumaphwanya thupi. Anatinso usiku wa ngozi anzake anamumwetsa mapiritsi awiri a Brufen kuti ululu uchepe. Mlamu wangayo anachita bwino kwambiri kunena. Aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid amafooketsa mapulateleti, ndipo amachepetsanso magazi opita ku impso. Munthu amene wamenyetsa mutu asapatsidwe mankhwala amenewa. Ngati mutu ukupweteka ali pa ulendo wa kuchipatala, Panado ndiye alibe vuto limeneli. Okalamba amene amamwa aspirin tsiku ndi tsiku chifukwa cha mtima, kapena amene ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akagwa n'kumenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Amene ali pa ma ARV anenenso, chifukwa mwa mankhwala amene ambiri akumwa muli tenofovir amene amatha kulemetsa impso. Asasiye okha, koma adokotala adziwe kuti aone chochita. Palibe chamanyazi pamenepa. Chimene mwabisa ndicho chimasokoneza thandizo.

Anamupatsa pulazima, madzi achikasu a m'magazi amene amasungidwa ataumitsidwa mufiriji, momwe muli zipangizo zija zinatha. Anamuwonjezeranso magazi chifukwa ambiri anali atatayikira m'ntchafu. Sikani yachiwiri inaonetsa kuti magazi a m'mutu awonjezekera pang'ono. Panamveka zoti zikapitirira angafunike kumutumiza ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka kwa akatswiri a opaleshoni ya ubongo. Aliyense wa kuno akudziwa kuti ulendo umenewo ndi wa makilomita pafupifupi 570, kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba, kuwoloka Luangwa ndi mapiri ake aja. Ndinkaganiza za munthu amene magazi ake sakugwirana akugwedezeka mu ambulansi mtunda wonsewo, tulo n'kundithawa. Mwamwayi pulazima inagwira ntchito, thonje linayamba kukhala louma, ndipo ulendowo sunachitike.

Pano ndipatuke pang'ono. Matumba amene anapachikidwa pamwamba pa bedi la mlongo wanga anachokera kwa anthu amene sitiwadziwa, amene anapereka magazi kudzera ku Zambia National Blood Transfusion Service kalekale ngozi isanachitike. Magazi amene mbale angapereke lero sapita kwa wodwala lero lomwe, amayamba apimidwa. Popereka amatenga pafupifupi 450 ml, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Mapulateleti sasungika kupitirira masiku 5, n'chifukwa chake ndi ovuta kupezeka. Magazi ambiri m'dziko muno amachokera kwa ana a sukulu, ndipo sukulu zikatsekera amachepa. Ine ndimaphunzitsa ana, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti ife akuluakulu timasiyira ana udindo umenewu. Anyamata a njinga zamoto, amene ali ndi mphamvu komanso ndi amene amagwa kawirikawiri, akanamapita m'magulu kukapereka.

Magazi atayamba kukhazikika ndinaganiza kuti chachikulu chadutsa. Mlongo wanga anali ndi paipi ya mkodzo, thumba lake litapachikidwa m'mbali mwa bedi, pafupi ndi pamene ndinkayala chitenje changa usiku. Popeza nkhope yanga inkakhala pafupi nalo, ndinkaliona kuposa wina aliyense. Poyamba linkadzaza msanga, chifukwa ankamupatsa mannitol, mankhwala a mudiripi ochotsa madzi muubongo wotupa, amene amakodzetsa kwambiri. Kenako linayamba kuchedwa kudzaza. Mtundu unasinthanso, mkodzo unada n'kukhala wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka. M'mawa wina ndinaona kuti kuyambira pamene anesi a usiku anakhuthula, mkodzo sunafike ngakhale pa mzere woyamba wa thumba. Mapazi anali atayamba kutupa, ndikadina ndi chala pankatsala kadzenje. Anayambanso ntchirikitchi yosatha.

Ndinauza anesi. Anayamba aona ngati paipi yapindika kapena yatsekeka, chifukwa nthawi zina vuto limangokhala limenelo. Paipi inali bwino. Anesi aja anandiphunzitsa kawerengedwe kamene sindidzaiwala. Munthu wamkulu ayenera kutulutsa mkodzo wosachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti 30 ml pa ola, kapena 180 ml pa maola 6. Akatsika pamenepo kwa maola 6, madokotala amayamba kukayikira impso. Thumba lija lili ndi mizere ndi manambala, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kuona. Kuyambira tsikulo ndinatenga kope la sukulu n'kumalemba nthawi, kuchuluka kwa mkodzo, mtundu wake, ndi chilichonse chimene walowetsa m'kamwa. Musamakhuthule thumba nokha anesi asanaone ndi kulemba. Ndinaona odwazika ena akukhuthula mwaukhondo ndi mwachikondi, osadziwa kuti akutaya uthenga umene adokotala akuufuna. Muwodi yodzaza anesi awiri sangaime pa thumba limodzi usiku wonse, koma inu mulipo.

Magazi atapimidwa anapeza kuti creatinine yakwera. Creatinine ndi zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimachotsa. Mwa mwamuna wamkulu imakhala pakati pa 60 ndi 110, ndipo ya mlongo wanga inadutsa 300 n'kumakwerabe. Ndinafunsa adokotala kuti impso zalowapo bwanji, popeza njinga sinamumenye m'chiuno. Anati impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa, ndipo zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, ambiri n'kubwerera m'thupi. Chiwalo chotere sichipirira magazi akachepa. Kwa mlongo wanga zinthu zinaunjikana. Anataya magazi ndipo BP inatsika usiku woyamba uja. Minofu ya ntchafu imene njinga inapsinja inaphwanyika n'kutulutsa zinthu zimene zimakatseka timachubu ta mu impso, ndipo n'zimene zinadetsa mkodzo. Diclofenac wa miyezi yambiri anali atazifooketsa kale. Ngakhale mannitol amene ankapulumutsa ubongo amalemetsa impso, makamaka thupi likauma. Timagazi toundana timene tinkapangika paliponse tija timathanso kutseka timitsempha ta mu impso. Kwa odwala ena amawonjezerapo matenda olowa m'magazi, malungo, kapena mankhwala ena opha tizilombo monga gentamicin. Mwa ovulala m'mutu amene amagonekedwa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, pafupifupi mmodzi mwa khumi impso zimavulala motere.

Ndinamvetsa pamenepo kuti madokotala anali pakati pa zinthu ziwiri zokokana. Ubongo wotupa sufuna madzi ochuluka, impso zouma zikufuna madzi. Anasiya mannitol, anasintha mankhwala ena, ndipo madzi a mudiripi anayamba kuwerengedwa mosamala potengera mkodzo umene watuluka. Apa ndi pamene abale timatha kuwononga zinthu ndi mtima wabwino. Amalume atamva kuti impso zavuta anati timumwetse madzi ambiri kuti zitsukike. Impso zikaima, madzi amene mwamumwetsa alibe kotulukira. Amadzaza m'mapazi, m'mapapo, ndipo munthu amayamba kubanika. Komanso munthu amene akuwodzerawodzera sameza bwino, madzi kapena phala zimalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Funsani anesi kuti lero aloledwa kumwa wochuluka bwanji, ndipo muyeze ndi kapu imodzi yomweyo.

Zakudya nazo zinasintha. Impso zikafooka, mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu umakwera. Uyenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5, ndipo ukakwera kwambiri umatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi, munthu akuoneka kuti ali bwino. Tsono taonani zimene timanyamula pokazonda odwala: nthochi, mapeyala, malalanje, mbatata, juwisi. Zonsezi zili ndi potaziyamu wambiri. Anthu a kumpingo anabwera ndi phava la nthochi zokoma za ku Kapata, ine n'kuwathokoza ndi manja awiri, nthochizo n'kugawira odwala ena amene impso zawo zinali bwino. Chigwada kapena therere lothira chidulo nalonso n'losayenera pa nthawi imeneyi, chifukwa chidulo ndi madzi a phulusa ndipo muli potaziyamu wambiri.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi azakhali. Anachokera kumudzi ndi botolo la mankhwala a mizu atalikulunga m'chitenje, ndipo anandikokera panja.

"Mwanawe, ngozi iyi si yabwinobwino. Ungomumwetsa pang'ono usiku anesi akachoka," anatero.

Azakhali ndi amene anatilera amayi atadwala, ndipo kuwakanira si chinthu chapafupi. Ndinagwada n'kuwauza kuti, "Azakhali, ndamva, ndipo ndikudziwa kuti mwabwera chifukwa chomukonda. Koma impso zake panopa sizikutulutsa kanthu. Chilichonse chimene chilowe chikhala m'thupi momwemo. Tiyeni timupempherere, botololi libwerere." Anakhumudwa, ndipo anapita osanditsanzika bwino. Sindinyoza mankhwala a makolo, tonse tinakulira momwemo. Koma palibe amene amadziwa mlingo wa zimene zili m'botolo lotero, ndipo mizu ina imawononga impso ngakhale za munthu wathanzi. Ngati wodwala wamwa kale, uzani adokotala, ndipo ngati n'kotheka aonetseni botololo.

Adokotala anatichenjeza kuti potaziyamu akakana kutsika, kapena madzi akadzaza m'mapapo, padzafunika dayalisisi, makina osefa magazi m'malo mwa impso. Mlamu wanga analira chifukwa ankaganiza kuti ndiye kuti moyo wonse mwamuna wake adzakhala wa pamakina. Anatilimbitsa mtima kuti impso zovulala mwadzidzidzi n'zosiyana ndi zimene zafa pang'onopang'ono chifukwa cha shuga kapena BP ya zaka zambiri. Kawirikawiri zimadzukanso, ndipo makina amangogwirizira masiku kapena masabata ochepa. Ngati muli ndi khadi la NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, bwerani nalo tsiku loyamba ndipo mufunse ku ofesi yake zimene likulipira, musadikire kuti zifike pothina.

Ife sitinafike pa makina. Tsiku lina masana ndinaona thumba lafika pakati, mtundu ukuyera. Tsiku lotsatira linkadzaza mpaka anesi kumakhuthula pafupipafupi. Ndinasangalala, koma anesi anati tisatayirire, chifukwa impso zikamadzuka zimayamba ndi kutaya madzi ambiri osabweza, ndipo munthu akhoza kuumanso. Kope lija linapitiriza ntchito. Creatinine inayamba kutsika pang'onopang'ono, mlongo wanga n'kuyamba kutsegula maso nthawi yaitali ndi kufunsa za ana ake.

Ndiye kunabwera chimene sindinkachiyembekezera n'komwe. Magazi omwe aja amene ankakana kuundana anatembenuka n'kuyamba kuundana mopitirira. Izi zimachitika kawirikawiri masiku oyamba akadutsa, makamaka kwa munthu amene wagona osasuntha ndiponso wavulala mwendo. Pomusambitsa ndinaona kuti katumba wa mwendo umodzi wakula kuposa mnzake, ndi wotentha, ndipo ndikagwira ankakwinya nkhope. Kutupa kwa impso kuja kunali kwa mapazi onse awiri. Uku kunali kwa mwendo umodzi. Agogo amene anabwera kudzamuona anati tiwothowe ndi madzi otentha n'kuusisita. Anesi atamva anakaniza mwamphamvu. Magazi akaundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo, chibuma chake chikhoza kuthothoka n'kuyenda mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amangoyamba kupuma mothamanga, chifuwa kubaya, mwina kutsokomola magazi, ndipo ena amafa pomwepo. Mwendo wotero osausisita, itanani anesi.

Sikani ya mwendo inatsimikiza. Madokotala anakambirana nthawi yaitali, chifukwa mankhwala oletsa magazi kuundana akhoza kudzutsanso kukha magazi m'mutu, ndipo ena mwa iwo amatuluka kudzera mu impso zomwe zinali zisanachire. Anayamba aonanso m'mutu ndi sikani, atakhutira kuti magazi aima ndi pamene anayamba kumubaya heparin, mlingo atautengera mphamvu ya impso. Ndikanena za kupewa, chimene wodwazika angachite ndi kufunsa a fizo, amene amalimbitsa ziwalo za odwala, kuti amuonetse kapindidwe ka mapazi ndi mawondo a wodwala, n'kumachita kangapo pa tsiku mwendo usanatupe, kumutembenuza pa maola awiri alionse, ndi kumukhazika kapena kumuyendetsa tsiku lomwe adokotala alola.

Atatuluka anapitiriza ndi warfarin kwa miyezi itatu. Mankhwala amenewa amafuna kupimitsa INR pafupipafupi, ndipo pa nthawiyi amafuna kuti ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ndiwo zamasamba monga repu, chibwabwa ndi bonongwe zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Sanatiuze kuti asiye masamba, anati azidya mofanana masiku onse, osati sabata ino kudya tsiku lililonse, sabata yamawa osakhudza. Mowa anamuletsa. Njinga anamuletsanso, chifukwa kugwa kachiwiri ali pa warfarin kukanakhala kutha kwake. Anatiuza kuti tikaona chimbudzi chakuda bii, mkodzo wa magazi, kamfuno kosaleka, kapena mutu ukayamba kupweteka mowonjezereka, tibwerere tsiku lomwelo. Magazi amathanso kusonkhana pang'onopang'ono pansi pa chigaza patapita masabata ngakhale miyezi, makamaka kwa okalamba ndi omwa mowa kwambiri, ndipo chizindikiro chimangokhala kuiwalaiwala, kuyenda mopepesuka kapena kusintha khalidwe. Kumudzi zotere timafulumira kunena kuti wapenga kapena wakalamba, pomwe ndi zochizika.

Kunyumba sikunali kophweka. Mlongo wanga amene anali wanthabwala anayamba kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, phokoso la ana linkamusowetsa mtendere, ndipo ankaiwala zimene wauzidwa m'mawa. Mlamu wanga anapirira zambiri. Ndinkamukumbutsa kuti ndi bala la ubongo limene likulankhula, ndipo ndinkatenga ana kumapeto kwa sabata kuti nyumba ikhaleko phee. Zikuchepa, ngakhale sizinatheretu. Panopa akuthandiza mlamu wanga pa malonda a tomato ndi anyezi, ndipo anzake a pa siteji akabwera kudzacheza amawagwira lamba wa helemeti kuona ngati wamangidwa.

Patatha miyezi itatu tinabwerera kukapimitsa impso, monga anatiuzira potuluka. Ambiri sabwerera chifukwa munthu akukodza bwino ndipo sakumva kupweteka, koma impso zimatha kufooka mwakachetechete, ndipo amene zinamuvulalapo kamodzi amakhala pa chiopsezo cha matenda a impso okhalitsa ndi BP yokwera. Creatinine yake inatsika kufika pafupi ndi malire, koma sinabwerere penipeni, choncho anamuuza kuti azipimitsa magazi, mkodzo ndi BP chaka chilichonse. Msana ukamuwawa amamwa Panado, ndipo ukakana amapita kukiliniki. M'chikwama chake muli kapepala kamene ndinamulembera, konena kuti anavulalapo m'mutu, impso zinavulalapo, magazi anaundanapo m'mwendo, ndiponso kuti asapatsidwe diclofenac, Brufen kapena Indocid. Amakaonetsa kwa aliyense womulembera kapena kumugulitsa mankhwala, ngakhale wa mano.